Mkaka Watsika, Ng'ombe Yaonda: Zoyenera Kuyang'ana M'khola Nyengo ya Chilimwe

Ikangofika Ogasiti, madandaulo a alimi a ng'ombe zamkaka amakhala amodzimodzi, kaya ndi ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Lilongwe kapena ku Mzuzu. Ng'ombe yomwe imadzaza chigubu mu Malichi ikupereka theka. Nthiti zayamba kuwerengeka. Nsenjere yaima, sikuphukanso. Mvula kwathu kuno imasiya cha mu Epulo ndipo imabweranso mu Novembala kapena Disembala, ndiye kuti ng'ombe ya m'khola imatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo ikudalira zomwe mwini wake anasunga. Chaka cha ng'amba, monga 2024 pamene boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, miyezi imeneyi imatalika ndipo ngakhale mapesi amasowa.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ambiri vuto likayamba amathamangira kukagula mankhwala obaya, pamene gwero lake lili m'chomwera ndi m'modyera. Pansipa ndasanja mavuto monga momwe amaonekera m'khola. Pa vuto lililonse ndayamba ndi choyambitsa chomwe chimapezeka kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chosowa. Tsatirani ndondomekoyo, musadumphe.

## Zinthu zitatu zoyamba kuona

Musanaganize kuti vuto ndi chakudya, tsimikizani kuti ng'ombe sikudwala.

- Kutentha kwa thupi. Khalani ndi themometa m'khola. Yezani kumtumbo, m'mawa dzuwa lisanakwere. Ng'ombe yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3. Ikapitirira 39.5 m'mawa, ili ndi malungo ndipo nkhani ya udzu ithere pomwepo: itanani mlangizi wa ziweto.
- Kubzikula. Ng'ombe ikakhuta imagona n'kumabzikula mwa phee. Yosabzikula tsiku lonse ili pa vuto.
- Ndowe. Yabwino imagwa n'kupanga mulu wofewa. Youma gwaa, yamizeremizere, ikusonyeza madzi ochepa ndi chakudya chokhwima. Yamadzimadzi, yonunkha chowawasa, ikusonyeza kuti madeya kapena masese achuluka.

## Mkaka watsika koma ng'ombe ikudya ndipo ilibe malungo

1. Madzi akuchepa. Apa ndi pomwe alimi ambiri amagwera, ndipo savomera. Pa malita 100 a mkaka, pafupifupi 87 ndi madzi. M'dzinja ng'ombe imapeza madzi ambiri mu udzu wauwisi, moti ndowa ziwiri zimaoneka ngati zikukwana. Mukaisinthira ku mapesi ndi udzu wouma, madzi onse ayenera kuchokera m'chomwera. Ng'ombe yopereka malita 10 patsiku, mu Okutobala, imafuna malita 60 mpaka 80, kutanthauza ndowa zitatu kapena zinayi za malita 20. Yopereka mkaka wambiri imafuna oposa apa.

Kuti mudziwe: thirani madzi mutangomaliza kukama, muime n'kumaonerera. Ikapapira ndowa yonse osadzutsa mutu, kenako n'kumanyambita pansi pa chomwera, ludzu lake silinathe. Tsinani khungu la pakhosi n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, thupi lauma.

Chochita: madzi azikhalamo nthawi zonse, usana ndi usiku. Ngati mjigo uli kutali moti simungathe, mwetsani kosachepera katatu, makamaka mukangokama ndi masana. Chomwera chikhale pamthunzi ndipo muzichitsuka ndere. Ng'ombe imanunkhiza isanamwe, madzi onunkha imangowalawa n'kuwasiya. Ndikudziwa kuti kutunga ndowa zinayi pa ng'ombe imodzi, pamwamba pa madzi a pakhomo, ndi mtolo womwe nthawi zambiri umagwera amayi ndi ana. Banja likhale pansi ligawane ntchitoyi, njinga igwire ntchito, chifukwa ndowa yomwe yalumphidwa lero imaonekera m'chigubu mawa.

2. Mimba ikudzaza koma chakudyacho n'chopanda zomanga thupi. Mapesi ouma ndi udzu wa m'tchire womwe unachita kale maluwa uli ngati nsima yopanda ndiwo. Tizilombo tabwino ta m'chifu cha ng'ombe, tomwe timagaya udzu, timafuna zomanga thupi kuti tigwire ntchito. Zikasowa, chakudya chimakhalitsa m'chifu, ng'ombe imaoneka yokhuta koma ikudya pang'ono. Chizindikiro chake ndi mimba yaikulu, msana wowonda, ndowe yokhala ndi timapesi tosagayika.

Onjezerani chimodzi kapena ziwiri mwa izi tsiku lililonse:
- masangwi a mtedza, a soya kapena a nyemba omwe anasungidwa pouma
- masamba a mitengo ya lukina, gliricidia, jerejere kapena calliandra
- masamba ndi makoko a nandolo, omwe kummwera amapezeka nthawi yabwino kwambiri, cha mu Ogasiti ndi Seputembala
- kholowa, mutamufotetsa pang'ono
- zipatso za nsangu, zomwe zimagwa kumapeto kwa chilimwe
- keke (zotsalira akafinya mafuta) ya mpendadzuwa, ya soya kapena ya thonje, ngati thumba lilola

Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Akachuluka ng'ombe imayamba kuthothoka ubweya, makamaka kumchira, ndi kutuluka dovu. Gliricidia ng'ombe zina zimamukana chifukwa cha fungo. Mufotetseni tsiku limodzi, mumusakanize ndi zomwe inazolowera.

3. Chakudya chenichenicho n'chochepa. Ng'ombe yolemera makilogalamu 400 imafuna chakudya chouma cholemera makilogalamu 10 mpaka 12 patsiku. Ngati ndi nsenjere yauwisi, ndiye makilogalamu 50 kapena kuposa. Mtolo wa mapesi umaoneka waukulu koma ndi wopepuka. Bwerekani sikelo, muyeze mtolo womwe mumapereka tsiku lililonse. M'mawa m'modyera muzitsala pang'ono. Mukapeza mwayeretsedwa mpaka matabwa anyambitidwa, ng'ombe inagona ndi njala.

Madeya amathandiza, koma salowa m'malo mwa udzu. Agaweni kawiri, nthawi yokama, ndipo muonjezere pang'onopang'ono. Kumbukiraninso kuti madeya okha ali ndi zomanga thupi zochepa; dairy mash (chakudya chogula cha ng'ombe zamkaka) kapena madeya osakaniza ndi keke ndiwo amakweza mkaka.

4. Kutentha. Ng'ombe za mtundu wa Friesian zimavutika kwambiri kuyambira Seputembala. Ikamapuma wefuwefu, kukamwa yasaa, dovu chuchuchu, ikuima osafuna kugona, yatenthedwa. Denga la malata lotsika limaotcha. Yalani udzu pamwamba pake, tsegulani m'mbali kuti mphepo izidutsa. Chakudya chambiri perekani m'mamawa ndi madzulo kukazizira. Masana mukhoza kuithira madzi pamsana.

5. Yayandikira nthawi youma, kutanthauza yosiya kutulutsa mkaka. Onani m'kope tsiku lomwe inabereka ndi lomwe inatenga bere. Ng'ombe yomwe yakamidwa miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi mkaka umatsika wokha. Yotsala miyezi iwiri kuti ibereke muisiye kukama ndithu.

6. Matenda a bere. Kamirani madontho oyamba a nsonga iliyonse pa mbale yakuda. Tizibuluma, mkaka wamadzimadzi, magazi, kapena mbali imodzi ya bere yotentha ndi yolimba, zonsezi n'zofuna mlangizi. Musagule nokha mankhwala olowetsa m'bere popanda kuuzidwa masiku oyenera kutaya mkaka.

## Ikusiya chakudya m'modyera

Yambani ndi themometa. Ngati ilibe malungo:

1. Mapesi ndi athunthu. Ng'ombe imabudula masamba n'kusiya phesi, lina imaligwetsa pansi n'kulipondaponda. Duladulani ndi chikwanje tizidutswa totalika ngati chala, muwaze madzi amchere pang'ono kapena molasesi (manyuchi otsala popanga shuga) wosungunula m'madzi, musakanize ndi masangwi. Zotayika zimachepa kwambiri.
2. Chakudya chachita chuku. Nunkhizani, tsegulani pakati pa mulu. Madeya omwe anaikidwa m'thumba asanaume amatentha n'kuumbika zibuluma. Tayani, musapatsenso nkhuku kapena nkhumba. Poizoni wa chuku, aflatoxin, amadutsa m'thupi la ng'ombe n'kulowa mu mkaka womwe ana anu akumwa, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa.
3. Mwasintha chakudya mwadzidzidzi. Chatsopano chilichonse, ngakhale sayileji (udzu wauwisi wosungidwa m'dzenje lotsekedwa) wabwino, chilowe pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri.
4. M'kamwa muli vuto. Yang'anani mano ndi lilime. Mukaona matuza kapena zilonda m'kamwa ndi pakati pa ziboda, dovu lambiri ndi kutsimphina, musatulutse chiweto, mkaka kapena ndowe pakhomopo. Dziwitsani ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo, chifukwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amafala mofulumira.

Njira yofewetsa mapesi ndi feteleza wa yureya imagwira ntchito, ndipo imachititsa kuti ng'ombe idye ambiri. Pa mapesi oduladula olemera makilogalamu 100, amasungunula makilogalamu 4 a yureya m'ndowa zitatu kapena zinayi za madzi, kuwaza mofanana, kupondaponda m'dzenje loyalidwa pulasitiki ndi kutseka kuti mpweya usalowe kwa masabata atatu, kapena anayi nthawi yozizira. Potsegula, tapani a tsikulo n'kuwayanika pamthunzi kuti fungo loluma m'mphuno lichoke. Koma ulendo woyamba chitani pamodzi ndi mlangizi, ndi sikelo m'manja. Musapatse ana a ng'ombe osakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musayerekeze kuthira yureya wouma m'madeya. Amapha msanga.

## Ikuonda ngakhale mukudyetsa

Imani kumbuyo kwake. Mafupa a m'chiuno akatuluka, pa tsinde la mchira pakachita dzenje, nthiti zikamawerengeka muli patali, ng'ombe ikudya thupi lake kuti ipereke mkaka.

1. Chakudya chosakwana, monga tafotokozera pamwambapa. Yobereka kumene ndiyo imatsika msanga.
2. Nyongolotsi za m'chiwindi ndi za m'mimba. M'chilimwe aliyense amakamweta ku dambo chifukwa ndi kokha kobiriwira. Kumeneko n'komwe kuli tinkhono tomwe timasunga nyongolotsi za m'chiwindi, ndipo ana ake amamatirira pa udzu pafupi ndi madzi. Zizindikiro: kutupa kofewa pansi pa chibwano, mkati mwa zikope moyera m'malo mofiirira, ubweya woimirira. Mankhwala a nyongolotsi si onse omwe amapha za m'chiwindi, ndipo ena saloledwa pa ng'ombe yokamidwa kapena ya bere laling'ono. Funsani musanagule. Pomweta ku dambo, pewani udzu womwe waima m'madzi, ndipo muuyanike padzuwa musanapereke.
3. Nkhupakupa. Ng'ombe ya m'khola nayonso imazitenga, zimabwera ndi mtolo wa udzu. Yang'anani m'makutu, pansi pa mchira ndi kuzungulira bere. Musasiye kupopera mankhwala chifukwa choti mvula inasiya.
4. Majumbo m'chifu. Onani mutu wotsatira.
5. Mano atha, ngati ndi yokalamba. Udzu wouma sungaithandizenso.
6. Chifuwa chachikulu. Kuonda kwa miyezi, kutsokomola kosatha. Ikayezedwe, ndipo mkaka wake usamwedwe wosawiritsa.

## Ikunyambita dothi, kutafuna nsanza, mafupa kapena mapepala

Kawirikawiri ndi kusowa kwa mchere ndi fosifolasi, zomwe mu udzu wouma zimakhala zochepa. Ikani mwala wonyambita wa ng'ombe pamalo osanyowa, kapena sakanizani mchere ndi ufa wa michere ya ziweto m'madeya motsatira muyezo wa pa paketi. Nthawi zina ndi njala chabe.

Choopsa si dothilo ayi koma zomwe imameza. Majumbo, zingwe za masaka ndi tizidutswa ta neti zimaunjikana m'chifu n'kupanga chibuluma chomwe sichituluka. Ng'ombe imadya pang'ono, imatupa mimba mobwerezabwereza, imaonda mpaka kufa, ndipo palibe mankhwala omwetsa omwe angasungunule pulasitiki. Ndi opaleshoni basi. Waya ndi misomali zimaboola chifu. Mukamweta m'mbali mwa msewu kapena kutola zotsala ku msika, pukusani mtolo ndi manja musanauponye m'modyera.

## Mimba yatupa, kapena yadwala itangodya

Apa nthawi ndi yochepa. Tumani munthu kapena imbani foni kwa mlangizi kaye, kenako muziyang'ana choyambitsa.

1. Madeya, masese, chimanga kapena mbatata zochuluka nthawi imodzi. Kawirikawiri ng'ombe inamasuka n'kupeza thumba, kapena mwini anafuna kubwezeretsa mkaka tsiku limodzi. Imasiya kudya, imatsegula m'mimba chowawasa, imayenda dzandidzandi. Chotsani zonse za ufa, siyani udzu wouma wokha.
2. Masamba anthete a mbewu za mtundu wa nyemba, kapena msipu wophuka kumene, pamimba yopanda kanthu. Mbali ya kumanzere imafufuma, ukamenya ndi chala imalira. Iimikeni miyendo yakutsogolo ili pokwera, muimwetse mafuta ophikira okwana theka la lita pang'onopang'ono, mutu usakwezedwe kwambiri. Yogona pansi kapena yolephera kumeza musaimwetse kanthu, zimalowa m'mapapo.
3. Chotsamwa. Chisononkho, mango kapena mbatata yathunthu yakhala pakhosi. Dovu limatuluka lambiri ndipo mimba imatupa. Musakankhe ndi ndodo.
4. Mapira ophukira, kapena chimanga chopinimbira ndi ng'amba. Mbewu zimenezi zikapsa ndi dzuwa n'kulandira kamvula, zimasunga poizoni. Ng'ombe imapuma movutikira, imanjenjemera, imagwa. Mapira aafupi osafika m'chiuno asaperekedwe auwisi.
5. Makoko a chinangwa chowawa osayanika.
6. Yureya. Zimayamba pasanathe ola: kunjenjemera, dovu, kutupa mimba. Viniga wa m'khichini, malita awiri kapena kuposa, pamodzi ndi madzi ozizira, amathandiza podikira mlangizi ngati ikadali chiimire ndipo ikumeza.
7. Lantana, chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu chomwe chimakhala chobiriwira zina zonse zitauma. Sichipha tsiku lomwelo. Pakapita masiku maso amachita chikasu ndipo khungu la malo oyera limasupuka ndi dzuwa. Ana otumidwa kukamweta aonetsedwe chitsambachi kuti achidziwe.

Kuboola mimba kuti mpweya utuluke ndi ntchito ya munthu wophunzira, wokhala ndi chida chake.

## Sikuonetsa zofuna nkhunzi, kapena sikutenga bere

Ng'ombe yathanzi imafuna nkhunzi masiku pafupifupi 21 aliwonse. Yoonda thupi limaimitsa zimenezi kaye, ndipo ichi ndicho choyambitsa chachikulu m'chilimwe. Jekeseni sangakonze njala. Chachiwiri ndi kutentha: zizindikiro zimakhala zofooka ndipo zimaoneka usiku kapena m'bandakucha. Ng'ombe yokhala yokha m'khola ilibe inzake yoikwera, choncho yang'anani chikazi choyera chotanuka pamchira, kulira pafupipafupi, kusakhazikika ndi kutsika kwa mkaka kwa tsiku limodzi. Lembani tsikulo, muwerenge masabata atatu kutsogolo, ndipo mudziwitse wobereketsa, yemwe amaika umuna wa nkhunzi mu ng'ombe, nthawi ikadalipo. Chachitatu ndi kusowa kwa michere. Ngati yabereketsedwa katatu osatenga, kapena ikutuluka zonunkha, kapena yataya bere, ikaonedwe. Mwana wotayika ndi zotsalira zake musazigwire ndi manja opanda magolovesi. Zikwirireni mozama, agalu asafukule.

## Nsenjere sikuphuka, zitsa zikuuma

1. Mukudula pafupipafupi. Njala ya m'khola imakakamiza munthu kubwerera pa chitsa chomwe chili ndi masamba ofika m'bondo. Mukatero kawiri katatu, mizu imatha mphamvu. Gawani munda m'zigawo, muzidula mozungulira, ndipo chigawo chilichonse chidikire kufika m'chiuno. M'chilimwe kudikirako kumatalika kuposa m'dzinja.
2. Kadulidwe. Siyani chitsa cha masentimita 5 mpaka 10, chikwanje chikhale chakuthwa kuti chisang'ambe.
3. Nthaka yatopa. Nsenjere imadya kwambiri. Mtolo uliwonse womwe ukupita ku khola ukuchotsa chonde, ndipo ambiri ndowe yonse amaipititsa ku munda wa chimanga. Kumbani timigula pakati pa mizere, thirani ndowe ndi mkodzo wa m'khola, kwirirani. Feteleza wa m'thumba pa nthaka youma musathire, dikirani chinyezi.
4. Chinyezi chikuthawa. Phimbirani pakati pa mizere ndi zotsala za m'modyera. Madzi otsukira khola alunjike ku nsenjere yoyandikira. Amene muli ndi dimba, mizere iwiri itatu m'mphepete mwake imakupatsani chobiriwira chosakaniza ndi mapesi mpaka mvula.
5. Mbuzi ndi ng'ombe za eni ake. Anthu akangokolola ziweto zimamasulidwa, ndipo munda wobiriwira umaziitana. Mpanda wa mitengo yamoyo, monga gliricidia, umateteza komanso umadyetsa.
6. Moto. Osaka mbewa ndi otentha tchire atha kumaliza chakudya cha miyezi inayi madzulo amodzi. Lambulani kuzungulira munda wa udzu ndi mulu wa mapesi, ndipo nkhaniyi ifike kwa amfumu anthu asanayambe kutentha.
7. Zitsa zakalamba. Zikachita dazi pakati, konzekerani kugawa ndi kudzala zatsopano mvula ikakhazikika.

Mathunthu a nthochi oduladula amathandiza kudzaza mimba ndi kupereka madzi, koma ndi madzi okhaokha. Musawawerengere ngati chakudya chokwana.

## Udzu wofutsa kapena sayileji waonongeka

Udzu wofutsa wabwino, wa Rhodes kapena wachilengedwe, umakhala wobiriwirako ndipo umanunkhira. Ukatuluka wotuwa ndi wolimba, unamwetedwa mochedwa, utakhwima; nthawi yake ndi pamene ukuyamba kumene kuchita maluwa, cha kumapeto kwa mvula. Ukachita nkhungu, unaunjikidwa usanaume kapena unagona pansi. Kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, kamvula ka mu Juni ndi Julayi kamaononga mapesi ndi masangwi osiyidwa pamtetete. Zonse zikhale pa thandala, pansi pa denga, kutali ndi chiswe.

Sayileji wabwino amanunkhira chowawasa chokoma ndipo amakhala wachikasu chobiriwira.
- Wakuda, woterera, wonunkha chovunda: udzu unali wamadzi kwambiri, kapena madzi analowa m'dzenje. Nsenjere ifote kaye, ndipo muziwaza molasesi kapena madeya pa mulingo uliwonse popeza ilibe shuga wokwanira.
- Wankhungu yoyera, wotentha: mpweya unalowa. Sanadulidwe tating'ono, sanapondedwe mokwanira, kapena makoswe anaboola pulasitiki.
- Anali bwino koma waonongeka mutatsegula: mukufukula dzenje lonse. Tsegulani mbali imodzi, tapani wa tsikulo, tsekaninso. Mlimi wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri zimamukomera kukhala ndi maenje ang'onoang'ono angapo kapena matumba a pulasitiki kusiyana ndi dzenje limodzi lalikulu.

Wovunda ndi wankhungu apite ku manyowa.

## Mkaka ukubwezedwa ku gulu la alimi komwe mumaugulitsa

Ukagwirana pa mayeso a sipiriti, pamene amasakaniza mkaka pang'ono ndi sipiriti kuti aone ngati uli bwino: choyamba, unachedwa panjira kukutentha kapena chigubu sichinatsukidwe bwino. Madzi akasowa, kutsuka ndiko kumayamba kulumphidwa, ndipo zigubu za pulasitiki zimasunga litsiro m'mikwingwirima. Chachiwiri, matenda a bere. Chachitatu, ng'ombe yangobereka kumene kapena yatsala pang'ono kuuma. Chachinayi, njala: ng'ombe yoperewera chakudya imatha kutulutsa mkaka wogwirana ngakhale uli watsopano, ndipo zimasintha ikayamba kukhuta.

Ukapepuka pa choyezera kulemera kwa mkaka, funsani yemwe amakama ndi yemwe amanyamula. Mkaka ukatsika chiyeso chothira madzi chimakula, koma chigubu chimodzi chotere, kapena cha ng'ombe yomwe ili pa mankhwala, chimaononga thanki ya gulu lonse.

## Chakudya chosungidwa sichifika ku mvula

Werengani lero, musadikire kuti mulu utsike. Ng'ombe imodzi yaikulu, makilogalamu 10 patsiku, kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka pakati pa Disembala, ndi makilogalamu pafupifupi 1,200. Werengerani mpaka masabata atatu mvula itayamba, chifukwa tsiku lomwe yagwa udzu sukhala utamera. Mukapeza kuti simufika:

- Gulani mapesi, masangwi ndi madeya msanga, mitengo isanakwere. Alimi a gulu limodzi akasonkherana n'kugula pamodzi molasesi kapena keke, mtengo wa mayendedwe umatsika.
- Chabwino kwambiri chipite kwa yobereka kumene ndi yotsala pang'ono kubereka, kenako ana. Yomwe ikupereka malita awiri ndipo ili ndi bere lalikulu iumitsidwe.
- Gulitsani zomwe sizikubweza kanthu: thole lamphongo, ng'ombe yokalamba, yomwe yatha chaka osatenga bere. Gulitsani zikadali ndi mnofu. Mu Novembala ogula amadziwa kuti mwapanikizika.

Mfundo yomalizayi ndi yowawa, makamaka pamene ng'ombeyo inabwera kudzera mu ndondomeko yopatsirana ndipo banja linaidikira zaka. Komabe ng'ombe imodzi yokhuta imapereka mkaka woposa ziwiri zanjala, ndipo imatenga bere pa nthawi yake. Ngati thole lake lili loti mukapereke kwa mnzanu, kambiranani ndi komiti ya gulu musanachite chilichonse.

Mvula ikayamba, musataye zouma zomwe zatsala. Msipu woyamba ndi wamadzi, umatsegula m'mimba ndi kutupitsa. Kwa masabata awiri ng'ombe iyambe yadya mapesi kapena udzu wofutsa m'mawa, wauwisi ubwere pambuyo. Nkhupakupa nazo zimachuluka nthawi yomweyo.

## Pomwe muyenera kusiya n'kuitana mlangizi kapena dokotala wa ziweto

- Kutentha kopitirira madigiri 39.5, makamaka ngati yatupa mwanabere pansi pa khutu kapena kutsogolo kwa phewa. Chimenecho chikhoza kukhala East Coast fever, nthenda yobwera ndi nkhupakupa, yomwe imapha ng'ombe zachizungu m'masabata ochepa, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akaperekedwa masiku oyambirira.
- Mkodzo wofiira kapena wakuda, maso achikasu.
- Yagona osadzuka, makamaka m'masiku atatu itangobereka. Podikira, ikhazikeni chokhala pa chifuwa, musalole igone chammbali.
- Yatha tsiku lathunthu osadya kapena osabzikula.
- Mimba yatupa ndipo ikupuma movutikira.
- Yavutika kubereka kopitirira maola awiri chitulukireni madzi, kapena zotsalira sizinatuluke patatha tsiku.
- Mwana wa ng'ombe akutsegula m'mimba, maso alowa, wasiya kuyamwa.
- Ng'ombe yafa mwadzidzidzi, magazi akuda akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumtumbo. Musaisende, musaitumbule, musagulitse kapena kudya nyama yake. Ikhoza kukhala nthenda ya anthrax, yomwe imabuka kawirikawiri nthawi ya chilala ndipo imaphanso anthu. Tsekani malowo, agalu ndi ana asafikepo, mudziwitse ofesi ya zaulimi.

Poimba foni khalani ndi izi pafupi: kutentha kwa thupi komwe mwayeza, tsiku lomwe inabereka kapena kubereketsedwa, zomwe yadya masiku awiri apitawa, tsiku lomwe munapopera mankhwala a nkhupakupa komaliza, ndi botolo la mankhwala aliwonse omwe mwaipatsa kale.